Musanalipire lendi, dzifunseni: kodi kuno ndizidya chiyani?

Munthu akamafuna nyumba ya lendi, mafunso ake amadziwikiratu. Ndi ndalama zingati pamwezi? Alandilodi akufuna ya miyezi ingati pakamodzi? Mita ya magetsi ndi yandekha kapena yogawana? Madzi amatuluka? Nanga akuba savuta? Onsewa ndi mafunso oyenera. Koma pali funso lina limene ambiri safunsa, chonsecho yankho lake adzakumana nalo tsiku ndi tsiku kwa zaka zonse zimene adzakhale pamalopo: ndikakhala kuno, ndizidya chiyani, nthawi yanji, ndipo ndizidya ndi ndani?

Masiku ano pa Facebook ndi pa TikTok pakuyenda malangizo ambiri a kadyedwe kamene pa Chingerezi amakatcha mindful eating. M'chinenero chathu tingati kudya mwatcheru, kutanthauza kudya maganizo ali pa chakudyacho, ukumvetsera zimene thupi likunena. Malangizowa si abodza, ndipo kafukufuku amawaikira kumbuyo pa mfundo zingapo. Vuto lake ndi lakuti amayankhula ngati nkhani yonse ili m'mutu mwa munthu wakudyayo. Zoona zake n'zakuti zambiri zimene zimalowa m'kamwa mwathu zimasankhidwa tisanafike n'komwe pa mbale. Zimasankhidwa ndi mtunda wa kuntchito, kutalika kwa msika, chimene tikuphikira komanso zimene zikugulitsidwa pa msewu umene timadutsa tili ndi njala.

Mmene thupi limanenera kuti lakhuta

Njala ndi kukhuta si nkhani ya m'mimba mokha. Ndi mauthenga amene amayenda pakati pa mimba, matumbo ndi ubongo. Mimba ikakhala yopanda kanthu imatulutsa timadzi ta m'thupi totchedwa ghrelin, timene asayansi a ku Japan anatitulukira mu 1999. Timadziti tikafika ku ubongo, munthu amamva njala. Mukayamba kudya, mimba imafutukuka ndipo mitsempha imatumiza uthenga woti chakudya chafika. Kenako chakudya chikayamba kulowa m'matumbo, matumbowo amatulutsa timadzi tina, monga totchedwa GLP-1, timene timauza ubongo kuti basi zakwana. Mankhwala a jakisoni otchuka kunja monga Ozempic amagwira ntchito motsanzira timadzi timeneti.

Uthenga wa m'matumbowu sufika msanga. Achipatala amakonda kunena kuti pamatenga pafupifupi mphindi 20 kuchokera pamene mwayamba kudya. Nthawiyi imasiyana malingana ndi munthu komanso chakudya, koma mfundo yake ndi imodzi: amene amamaliza mitanda itatu ya nsima m'mphindi zisanu amakhala atadutsa pamene thupi likanamuimitsa. Kukhuta kumamupeza atasamba kale m'manja. N'chifukwa chake amadzuka pa mbale ali wolemedwa, kenako tulo.

Palinso mbali ina yodabwitsa. Ubongo umadalira kukumbukira kuti udziwe ngati mwadya. Mu 1998 katswiri wa maganizo a anthu wa ku America, Paul Rozin, pamodzi ndi anzake anayesa amuna awiri amene ubongo wawo unavulala moti sankakumbukira zimene zachitika mphindi zochepa zapitazo. Ankawapatsa nkhomaliro n'kudya. Pakapita mphindi 10 mpaka 30 ankawabweretsera nkhomaliro ina, iwo n'kudyanso. Akawabweretsera yachitatu, nthawi zambiri ankayambanso kudya. Mimba inali yodzaza, koma poti sankakumbukira kuti adya, panalibe chowaletsa.

Ife ubongo wathu ndi wabwinobwino, koma foni imatichita zofananako pang'ono. Mu 2013 akatswiri a ku Britain motsogozedwa ndi Eric Robinson anaphatikiza zotsatira za kafukufuku 24 ndipo anapeza kuti anthu amene amadya maganizo ali kwina, monga pa TV kapena pa masewera a pa kompyuta, amadya zochulukirapo pa nthawiyo. Chachikulu n'chakuti amadyanso zambiri pa chakudya chotsatira, chifukwa choyambacho sichinakhazikike bwino m'mutu. Ngati mukuwerenga nkhaniyi dzanja lina lili m'mbale, akunena inu.

Ndiye kudya mwatcheru si mwambo wovuta. Ndi kukhala pansi, kuika foni pambali, kuona chakudya musanayambe, kutafuna bwino, ndi kupumira pang'ono pakati pa chakudya n'kudzifunsa ngati njala ikadalipo. Ndi kudziwanso kusiyanitsa njala yeniyeni ndi nkhuli, kapena kufuna kudya chifukwa cha nkhawa, mkwiyo kapena kusowa chochita. Njala yeniyeni imabwera pang'onopang'ono ndipo imalandira chilichonse, ngakhale mbatata yozizira ya m'mawa. Nkhuli imabwera mwadzidzidzi ndipo imatchula dzina: ikufuna tchipisi, osati china.

Maphunziro a kukhala tcheru analowa m'zipatala za ku America kudzera mwa Jon Kabat-Zinn, amene anayambitsa pulogalamu yake ku University of Massachusetts mu 1979. Limodzi mwa maphunziro ake otchuka ndi lopatsa munthu kamphesa kamodzi kouma kuti akayang'ane, akanunkhize ndi kukatafuna pang'onopang'ono. Kafukufuku amene wachitika kuchokera nthawiyo akusonyeza kuti njirayi imathandiza kwambiri anthu amene amadya mosadziletsa kapena amene amathawira ku chakudya akakhumudwa. Pa nkhani yochepetsa thupi, phindu lake limakhala lochepa ngati munthu sanasinthe china chilichonse. Amene akukulonjezani kuti muchotsa makilogalamu 10 pongotafuna pang'onopang'ono akukunamizani.

Chimene chinachitika ku Okinawa

Nkhani ya kudya mwatcheru ikamakambidwa, dzina la Okinawa sililephera kutchulidwa. Izi ndi zilumba za kum'mwera kwa dziko la Japan zimene kwa zaka zambiri zinkatchuka ndi anthu okhala ndi moyo wautali. Akuluakulu a kumeneko ali ndi mawu amene amakumbutsana asanadye akuti hara hachi bu, kutanthauza kuti idya mpaka mimba idzaze magawo 8 mwa magawo 10, usafike poti ndakhuta ndithu. Poganizira za mphindi 20 zija, nzeru imeneyi ndi yomveka: ukasiya usanakhutiretu, kukhuta kumakupeza kokha.

Koma taonani zimene anthu amenewa ankadya kale. Chakudya chawo chachikulu sichinali mpunga ngati m'madera ena a Japan. Inali mbatata, yomwe inkawapatsa zoposa theka la mphamvu zimene thupi limapeza m'chakudya. Ankaphatikiza ndi masamba, zakudya za soya, nsomba pang'ono, ndipo nyama ya nkhumba inali ya pa zikondwerero. Ankalima okha, ankayenda pansi. Ankakhalanso m'timagulu tothandizana totchedwa moai, timene anthu amasonkha ndalama ndi kuchezerana, tofananako ndi chipereganyu chathu chino. Kunena mosabisa, anali anthu osauka, ndipo mbatata sankaidya chifukwa chowerenga za thanzi. Ndi imene inalipo.

Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha mu 1945, zilumbazi zinakhala m'manja mwa America mpaka 1972, ndipo asilikali a dzikolo anamanga makampu akuluakulu amene alipo mpaka lero. Anabwera ndi nyama ya m'zitini ndi zakudya zawo zofulumira. Malo odyera a kampani ya A&W anatsegulidwa ku Okinawa mu 1963, zaka 8 McDonald's isanatsegule malo ake oyamba ku Tokyo. Anthu anayamba kudalira magalimoto. Ana amene anakulira m'nyengo imeneyi anakula ndi matupi osiyana ndi a agogo awo. Pofika mu 2000, amuna a ku Okinawa anali atatsika kufika pa nambala 26 mwa zigawo 47 za Japan pa kutalika kwa moyo, ndipo chigawochi chinayamba kutchulidwa pakati pa zigawo zokhala ndi amuna onenepa kwambiri m'dzikolo.

Mawu aja a hara hachi bu sanaiwalike. Adzukulu amawadziwa. Chinasintha ndi chimene chili m'mbale ndi mmene munthu amafikira pa mbaleyo. Magawo 8 a mimba yodzaza mbatata ndi masamba si ofanana ndi magawo 8 a mimba yodzaza nyama yokazinga ndi zakumwa zotsekemera.

Kodi kuli malo amene anthu safa msanga?

Okinawa ndi amodzi mwa malo asanu amene mtolankhani wa ku America, Dan Buettner, anawatchukitsa ndi dzina lakuti Blue Zones, kuyambira ndi nkhani imene analemba m'magazini ya National Geographic mu 2005. Ena ndi Sardinia ku Italy, Ikaria ku Greece, Nicoya ku Costa Rica ndi Loma Linda ku California. Mabuku ndi mafilimu onena za malowa apangitsa anthu ambiri kuganiza kuti kwinakwake kuli dera labwino limene ukangosamukirako, zaka 100 ndi zako.

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Katswiri wina wofufuza za chiwerengero cha anthu, Saul Newman, anaunika kaundula wa anthu okalamba kwambiri m'mayiko osiyanasiyana ndipo anapeza kuti ambiri amapezeka m'madera osauka, amene kalembera wa ana obadwa anali wosalongosoka, komanso kumene mabanja ena sanena kuti gogo anamwalira pofuna kupitiriza kulandira penshoni. Ku Okinawa kwenikweniko, kaundula wambiri wa mabanja anapsa pa nkhondo ya 1945 ndipo anachita kumulembanso. Mu 2010 boma la Japan litaunika mabuku ake linapeza anthu oposa 230,000 olembedwa kuti ali ndi zaka 100 kapena kuposerapo amene sankadziwika kumene ali. Newman analandira mphotho ya Ig Nobel mu 2024 chifukwa cha ntchitoyi. Amene anafufuza za Blue Zones amatsutsa, akuti zaka za anthu awo anazitsimikiza mosamala, ndipo mtsutsowu ukupitirira. Kwa ife amene agogo athu ambiri chaka chobadwa amachiwerengera ku njala ya 1949 kapena ku dzombe, vuto la zaka zongoyerekeza si lachilendo.

Malo amodzi mwa asanuwa amene kaundula wake savuta ndi Loma Linda, tawuni imene kuli anthu ambiri a mpingo wa Seventh-day Adventist. Kafukufuku amene anatuluka mu 2001 anapeza kuti amuna a mpingowu ku California ankakhala zaka pafupifupi 7 kuposa amuna ena a m'chigawocho, ndipo amayi zaka zoposa 4. Dothi, madzi ndi mpweya ndi zomwezo zimene anansi awo ali nazo. Kusiyana kuli pa zimene anthu okuzungulira amaziona kuti ndi zachizolowezi: kusasuta, kusamwa mowa, kudya nyemba ndi mtedza pafupipafupi, kupuma tsiku limodzi pa sabata. Munthu savutika kukana ndudu pamalo pamene palibe akumupatsa.

Ndiye dera lamatsenga kulibe. Koma kunena kuti malo alibe ntchito n'kulakwitsanso, ndipo umboni wake ndi wolimba kuposa wa Blue Zones.

Pakati pa 1994 ndi 1998 boma la America linachita mayeso otchedwa Moving to Opportunity m'mizinda isanu: Baltimore, Boston, Chicago, Los Angeles ndi New York. Mabanja pafupifupi 4,500 okhala m'nyumba za boma m'madera osaukitsitsa anachitidwa maere. Ena anapatsidwa thandizo la lendi kuti asamukire kumadera amene umphawi ndi wochepa, ena anatsala momwemo. Palibe anawaphunzitsa za kadyedwe. Patapita zaka 10 mpaka 15, achipatala anayeza amayi a m'mabanjawa. Mwa amene anapatsidwa mwayi wosamuka, onenepa mopitirira muyeso ndi odwala shuga anali ochepa ndi pafupifupi amayi 4 pa 100 alionse poyerekeza ndi otsala aja. Kusiyanaku kungaoneke kochepa, koma kumbukirani kuti chimene chinasintha ndi malo okhala basi.

Kuno ku Africa, kafukufuku wotchedwa RODAM anayerekeza anthu a ku Ghana okhala kumudzi, okhala m'tawuni, ndi amene anasamukira ku Amsterdam, Berlin ndi London. Mwa amayi a kumudzi, onenepa mopitirira muyeso anali pafupifupi 8 pa 100 alionse. M'matawuni a ku Ghana anali pafupifupi 34. Ku London anali 54. Anthu ndi amodzi, mtundu umodzi, ambiri akuphikabe zakwawo. Abale athu amene ali ku Joni kapena ku Britain nkhani iyi amaiona pa malamba a mathalauza awo.

Kwathu kuno chithunzi n'chomwecho. Bungwe lofufuza za umoyo la MEIRU linayeza anthu akuluakulu oposa 28,000 ku Karonga kumudzi ndi ku Area 25 ku Lilongwe, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2018. Amayi olemera kuposa muyeso woyenera anali 27 pa 100 alionse ku Karonga, koma 44 ku Lilongwe. Amuna anali 9 ku Karonga ndi 18 ku Lilongwe. Chodetsa nkhawa china chinali chakuti ambiri mwa amene anapezeka ndi BP kapena shuga sankadziwa kuti ali ndi matendawa.

Tsiku la munthu wa m'tawuni

N'chifukwa chiyani tawuni imasintha thupi chonchi? Tatsatirani tsiku la munthu wokhala kutali ndi kuntchito, mwachitsanzo wokhala ku Machinjiri akugwira ntchito ku Ginnery Corner, kapena wa ku Area 25 akugwira ku Old Town. Amadzuka kusanache kuti apeze minibasi. Nthawi yoyatsa mbaula palibe, ndiye kadzutsa amakhala mandasi a pa siteji ndi chakumwa cha m'botolo. Masana kunyumba n'kutali, choncho amathera pa chiwaya, ataimirira, diso lili pa wotchi. Madzulo amafika kutada, msika wa masamba atatseka kale, chotsala ndi hokala ya pafupi imene ili ndi buledi, soseji, mazira ndi manudozi a m'paketi. Amadya chakudya chachikulu cha tsikulo usiku, atatopa, TV ili chiyakire, n'kugona.

Munthu ameneyu si wadyera ndipo si wosaphunzira. Mukamuuza kuti azidya mwatcheru adzavomera, koma pa tsiku lonseli palibe mphindi 20 zimene wakhala pansi ndi mbale ya chakudya chophika kunyumba dzuwa likadali kunja.

Mtundu wa chakudya chimene tsiku lotere limamupatsa ulinso ndi vuto lake. Mu 2019 katswiri wa ku America, Kevin Hall, anasunga anthu 20 m'chipatala cha kafukufuku kwa mwezi umodzi. Kwa masabata awiri ankawapatsa zakudya zokonzedwa kwambiri m'mafakitale, ndipo masabata ena awiri zakudya zophikidwa kuchokera ku zinthu zosasinthidwa. Mbale zonse ziwiri anazilinganiza kuti shuga, mafuta ndi mchere zikhale zofanana, ndipo aliyense ankadya mmene akufunira. Pa zakudya za m'fakitale anthuwa ankadya mofulumira, ankadya makalori pafupifupi 500 owonjezera patsiku, ndipo ananenepa pafupifupi kilogalamu imodzi m'masabata awiri. Pa zakudya zinazo anachepa ndi pafupifupi kilogalamu imodzi. Chakudya chofewa, chosafuna kutafuna, chimalowa uthenga wa kukhuta usanafike. Yerekezani nthawi imene mumatenga kudya chimanga chootcha chimodzi ndi imene mumatenga kumeza mabanzi awiri.

Kumudzi sikuti ndi ku paradaiso. Kumeneko vuto limakhala lina: nsima ndi ndiwo imodzimodzi miyezi yathunthu, njala ya mu Januwale ndi Febuluwale, utsi wa nkhuni m'khitchini, ndi chipatala chakutali. Ndipo timapaketi ta zokhwasula ndi zakumwa zotsekemera tafika kale pa golosale ya pa mudzi uliwonse.

Zoyang'ana poona nyumba

Ambiri sitisankha dera momasuka. Thumba ndi limene limasankha. Komabe nthawi zambiri pamakhala nyumba ziwiri kapena zitatu za mtengo wofanana, ndipo apa ndi pamene funso la chakudya lingathandize kugamula.

Chinthu choyamba ndi nthawi ya pa msewu, ndipo ndikuona kuti chimaposa zina zonse. Nyumba yotchipa imene ikudyerani maola atatu patsiku pa minibasi si yotchipa. Ndalama imene mwapulumutsa pa lendi idzathera pa thiransipoti ndi pa chiwaya, ndipo nthawi yophika idzasowa. Nyumba yocheperako imene mungayende pansi mphindi 20 kapena 30 kukafika kuntchito ikupatsani zinthu ziwiri pakamodzi. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza munthu wamkulu kuchita zolimbitsa thupi mphindi zosachepera 150 pa sabata. Amene amayenda mwachangu mphindi 15 popita ndi 15 pobwerera masiku asanu wakwanitsa kale, osalipira ku jimu.

Kenako yendani njira imene muzidutsa pobwera kuntchito, ndipo muyende nthawi yomweyo ya madzulo, osati Lamlungu masana pamene alandilodi akuonetsani nyumba. Kodi pa njirayo pali benchi ya tomato, mpiru, nkhwani, usipa, nthochi? Kapena pali mabala, kanyenya ndi chiwaya zokha? Chimene mumadutsa muli ndi njala ndi chimene mudzagule. WHO imati munthu adye magalamu osachepera 400 a masamba ndi zipatso patsiku. Kwa amene alibe firiji, izi zimatheka pokhapokha ngati masamba akugulidwa tsiku lililonse kapena pakapita tsiku limodzi, ndipo palibe amene amakwera kabaza tsiku ndi tsiku kukagula mpukutu umodzi wa bonongwe.

Onaninso pophikira. Ngati nyumba ilibe khitchini kapena khonde lotchingidwa, mvula ikagwa mbaula idzalowa m'chipinda. Makala oyaka m'nyumba yotseka amatulutsa mpweya wa poizoni wopanda fungo umene umapha anthu ali m'tulo, ndipo utsi wa tsiku ndi tsiku umawononga mapapo, makamaka a ana ndi amayi. WHO inawerengera kuti mu 2020 utsi wa m'nyumba unapha anthu pafupifupi 3.2 miliyoni padziko lonse. Kuphika kukamavuta, anthu amasiyanso zakudya zotenga nthawi monga nyemba ndi nandolo, n'kumadalira zokazinga mwachangu.

Za madzi musakhutire ndi yankho lakuti alipo. Funsani anansi, osati mwini nyumba, kuti amatuluka masiku angati pa sabata, ndipo akasiya anthu amatunga kuti. Yang'anani kuti chimbudzi chili mtunda wotani kuchokera pa chitsime. Mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Lilongwe ndi Blantyre anali m'gulu la maboma okhudzidwa kwambiri. Masamba ndi zipatso zimafuna kutsuka, manja amafuna kusamba. Popanda madzi odalirika chakudya chabwino chomwecho chimasanduka chodwalitsa.

Ngati pali kadothi kuseri kwa nyumba, funsani ngati mungaloledwe kudzala. Mizere iwiri ya mpiru ndi nkhwani, kapena matumba akale a simenti odzaza dothi, zimatha kupereka ndiwo kangapo pa sabata. Ndipo musaiwale anthu. Munthu wokhala yekha amakonda kunena kuti kuphika nsima ya munthu mmodzi n'kutaya makala, ndiye amagonera buledi ndi tiyi. Kukhala pafupi ndi m'bale kapena mnzanu amene mungamadye naye limodzi, kapena kuyambitsa mmemo kuntchito m'malo moti aliyense azipita payekha pa chiwaya, kumasintha kadyedwe kuposa malangizo ambiri a pa intaneti.

Ngati kusamuka sikungatheke

Malo amene mungasinthe lero ndi m'nyumba mwanu momwemo. Chimene chili poonekera ndi chimene chimadyedwa, choncho nthochi kapena mtedza zikhale pa tebulo, mabisiketi asagulidwe a mwezi wonse. Nyemba ziphikeni zambiri tsiku limene muli ndi nthawi, ndipo mukaziviika usiku wonse zimapsa msanga n'kupulumutsa makala. Nyamulani chakudya cha masana m'kontena ngakhale masiku atatu pa sabata.

Pa mbale penipenipo, yambani ndi ndiwo. Mwambo wathu umaona ndiwo ngati chothandizira kumeza nsima, moti mwana wodya ndiwo zambiri amadzudzulidwa. Mwambowu unali ndi chifukwa chake pamene ndiwo zinali zosowa ndipo anthu ankalima tsiku lonse. Kwa munthu wokhala pa mpando kuyambira m'mawa mpaka madzulo, zinthu ziyenera kutembenuka: masamba achuluke, mtanda uchepe. Mgaiwa umaposa ufa woyera chifukwa umasunga gaga ndi mtima wa chimanga, ndipo umakhalitsa m'mimba. Unduna wa Zaumoyo umalimbikitsa kudya kuchokera m'magulu 6 a zakudya tsiku lililonse: zokhutitsa, za nyama, za mtundu wa nyemba, masamba, zipatso ndi mafuta. Nsima ya mgaiwa, usipa, nkhwani wotendera ndi papaya zakwanitsa kale pafupifupi onse.

Mchere usapitirire magalamu 5 patsiku, omwe ndi osakwana supuni yaing'ono imodzi, ndipo muwerengere ndi umene uli kale mu timakyubu tokometsera ndiwo, soseji ndi buledi. Shuga wothira asapitirire masupuni aang'ono pafupifupi 12 patsiku. Botolo limodzi la theka la lita la zakumwa zina zotsekemera limafika pamenepo palokha, tiyi wa m'mawa musanamuwerengere. Zakumwa ndi zimene zimapusitsa thupi kwambiri, chifukwa sizitafunidwa ndipo sizikhutitsa ngati chakudya.

Kudyera m'mbale imodzi kuli ndi ubwino wake, koma kumaphunzitsa liwiro, poti wochedwa amapeza ndiwo zatha. Ngati mukufuna kudziwa kuchuluka kwa zimene mumadya, pakulani zanu m'mbale yanuyanu n'kukhalabe pamodzi ndi banja. Kwa mwana wamng'ono mbale yakeyake ndi yofunika pa chifukwa chosiyana: kuti mayi kapena bambo aone ngati wadya zokwanira.

Amene sayenera kuchepetsa chakudya

Malangizo osiya kudya usanakhutiretu analembedwera anthu amene chakudya chawachulukira. Si a aliyense, makamaka m'dziko limene kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu ndi opinimbira, komanso limene mu Malichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi chifukwa cha chilala. Ana, amayi oyembekezera ndi oyamwitsa, odwala TB, amene akuchira ku matenda, okalamba amene chilakolako cha chakudya chatsika, ndi aliyense wochepa thupi kuposa muyeso ayenera kudya mokwanira, ndipo nthawi zina kuwonjezera. Amene akumwa ma ARV atsatire zimene anauzidwa ku chipatala. Odwala shuga amene amabaya insulin kapena kumwa mapiritsi otsitsa shuga asadumphe chakudya kapena kuchichepetsa mwadzidzidzi asanakambirane ndi adokotala, chifukwa shuga akatsika kwambiri munthu amatha kukomoka.

Kuti mudziwe mbali imene muli, pali njira yosafuna sikelo. Tengani chingwe, muyeze msinkhu wanu kuchokera kumutu mpaka kuphazi, ndipo muchipinde pakati. Chingwe chopindacho chiyenera kuzungulira mimba yanu pamwamba pang'ono pa mchombo. Ngati sichikukumana, mafuta a pa mimba achuluka, ndipo amenewa ndi amene amayendera limodzi ndi shuga, BP ndi matenda a mtima. Njirayi ndi ya akuluakulu, ndipo sigwira ntchito kwa mayi woyembekezera.

Chingwe chikakana, kapena ngati mukumva ludzu losatha, mukukodza pafupipafupi usiku, mukuonda popanda chifukwa kapena muli ndi chilonda chosapola, pitani mukayezetse shuga. BP yokha nthawi zambiri sipereka chizindikiro chilichonse, choncho aliyense wamkulu ayezetse ngakhale akumva bwino. Ikamapezeka pa 140/90 kapena kuposerapo pa masiku osiyana, ndiye kuti yakwera. Amene apezeka ndi matendawa amafunika kupita kuchipatala mwezi ndi mwezi kapena pakapita miyezi ingapo kukatenga mankhwala, ndiye pa mafunso aja ofunsa anansi muwonjezerepo lakuti chipatala chapafupi chili kuti, ndipo usiku anthu amapitako bwanji.